Sipoko Imodzi

Lachitatu Mayi Kalinde anajambula bwalo pabolodi,
choko chikulira ngati mbewa yopanidwa pachitseko,
nati: Kuchoka pakati kufika m'mphepete ndi wani.
Wani chiyani, madamu? Mita? Phazi?
Wani basi, Asiyatu, khala pansi.
Ndinakopera sayini, ndinakopera kosayini,
mayina onga a mapasa a kwa eni
amene sindinawaonepo nkhope.
Lachisanu pamayeso ndinapeza folo pa twente.

Loweruka ndinapititsa thobwa kwa bambo
kutsidya kwa mlatho, ku Mpondasi,
komwe amapoletsa njinga za akabaza.
Dzuwa la Okutobala linali paliwombo penipeni,
lija la kuno lofewetsa phula ngati chingamu.
Njinga ya a Shaibu inali chagada pamtetete,
tayala lakutsogolo lili m'mwamba,
ndipo kunsonga ya sipoko imodzi
bambo anali atamangako kansanza kofiira
kuti asaiwale pomwe limu yapindika.
Gwira apa, anatero, uzizunguza pang'onopang'ono.

Ndinazunguza chobwerera, motsutsana ndi mivi ya wotchi.
Pamchenga tayala lonse lija
linangosiya mzere umodzi wakuda,
koma pamzerepo pankayenda kachithunzithunzi ka sanza
ngati nyerere yoiwala chomwe yadzera:
kumanja, pakati, kumanzere,
pakati, kumanjanso.
Uku kansanza keniko kakukwera, kakutsika,
osadziwa kuti pansi wina akukalonda.

Ndinaimitsa tayala.
Sipoko itagona chopingasa kuloza kumsika,
sanza inali pamsinkhu wa habu, sinakwere konse,
chithunzi chake chili kutali, sipoko yathunthu.
Ndinaikweza pang'ono, madigiri makumi atatu mongopenekera,
n'kuyeza ndi phesi la chimanga.
Yakwera theka la sipoko.
Theka!
Nambala yomwe ija inandigwetsa dzulo.

Ndinakankhanso. Penapake kukwera ndi chithunzi zinalingana
ngati ana awiri ogawana chigumu mwachilungamo.
Kenaka sipoko inaima chilili kuloza dzuwa,
chithunzi n'kubisala kunsi kwa habu, zii.
Apa ndi paja tanjenti amasowa pogwira,
poti iye ndi kukwera kogawidwa ndi chithunzi,
nanga ungagawe bwanji ndi chinthu choti palibe?
Kupitirira apo chithunzi chinaolokera kumanzere,
dera lija Mayi Kalinde amaikako kamzere ka ngongole
kutsogolo kwa nambala.
Sanza nayo inatsika kupyola habu, n'kulowa ngongole yakeyake,
mpaka inatulukira pomwe inayambira
ngati sinapite kulikonse.

Iwe, ukuyezanji ndi phesilo? Mwini njinga akudikira.
A Shaibu anali atamaliza kale thobwa la bambo,
akudzipepesa ndi chipewa, akuwerenga makasitomala
omwe anzawo akuwaolotsa pamlatho.
Bambo, sipoko iyi ndi yaitali bwanji?
Anandiyang'ana ngati ndafunsa dzina langa lomwe.
Ngati zinzake. Imodzi ikangofupika, limu imavina.
Anatenga sipanala yawo yaing'ono ija,
kupotokola kawiri, kumvetsera ndi chala,
limu n'kusiya kuvina.

Ndiye wani uja ndi ameneyu,
wopaka girisi, wogulidwa m'mabandulo kwa amwenye.
Kaya sanza ikwere, kaya chithunzi chifupike,
wina akachepa mnzake amakula,
koma onse awiri amangiriridwa kusipoko imodzi
yosatalika, yosafupika.

Azana ya masana inamveka kumzikiti.
Bambo anamasula kansanza n'kupukutira manja,
a Shaibu anatembenuza njinga, nalipira theka,
theka linalo mawa.
Ine ndinatola sanzayo pomwe anaitaya.

Lolemba ili m'thumba la yunifomu, ikununkha girisi.
Funso lachitatu likufuna kosayini wa madigiri handiredi twente.
Kunsi kwa desiki chala changa chikuzungulira chobwerera,
chapyola dzuwa, chapendekera kumanzere.
Ndikuyang'ana pansi pasimenti
kuti ndione pomwe chithunzi chagwera.